Augustino Woyera: Zaka 44 ndi Kalata Imodzi

Pa 27 August Mpingo umakumbukira Monica Woyera, ndipo m'mawa mwake, pa 28, umakumbukira mwana wawo, Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo. Ambirife mbiri ya awiriwa timaidziwa mwachidule: mnyamata wolowerera, mayi wopemphera ndi misozi, kenako kutembenuka mtima ndi ubatizo. Mbiriyo ndi yoona, kungoti timaidulira panjira. Pamene Augustino ankatembenuka mtima adali ndi zaka 31 zokha, ndipo adakhalanso ndi moyo zaka zina 44. M'zaka zonsezo padali kalata imodzi ya m'Malembo Oyera imene sadaileke, ya Paulo Woyera yolembera Aroma. Kalatayi ndiyo idamutembenuza, ndipo pambuyo pake idamuchititsa kawiri konse kubweza zimene iye mwini adali ataphunzitsa kale poyera.

Augustino adabadwa pa 13 November 354 ku Thagaste, tauni yaing'ono ya kumpoto kwa Africa imene lero imatchedwa Souk Ahras, m'dziko la Algeria. Dera lonselo lidali pansi pa ufumu wa Aroma ndipo anthu a m'tauni ankayankhula Chilatini. Bambo ake, a Patricius, adali ndi minda yochepa ndipo sadali Mkhristu. Adabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira. Mayi ake ndiwo adali Mkhristu wolimba. Komabe mwanayo sadabatizidwe ali wakhanda. Adangolembedwa chizindikiro cha mtanda ndi kulawitsidwa mchere monga katekumeni, chifukwa masiku amenewo makolo ambiri ankati ndi bwino mnyamata ayambe wathana ndi zachinyamata, ubatizo udzamutsuke kamodzin'kamodzi. Kusukulu ankakwapulidwa, ndipo phunziro la Chigriki ankadana nalo. Chidanicho chidadzamuvutitsa atakula, popeza Paulo adalemba m'Chigriki pomwe Augustino moyo wake wonse ankadalira kwambiri Baibulo lomasuliridwa m'Chilatini.

Ali ndi zaka 16 adakhala pakhomo chaka chathunthu chifukwa ndalama za sukulu zidasowa, mpaka munthu wina wachuma wa m'tauniyo, Romanianus, adathandizapo. Adapita ku Carthage kukaphunzira luso la kuyankhula pagulu, limene panthawiyo lidali khomo lolowera ku ntchito zaboma ndi zamakhoti. Kumeneko adatengana ndi mkazi wina popanda ukwati, nakhala naye zaka pafupifupi 15. Adabereka mwana wamwamuna, Adeodatus, dzina lotanthauza kuti wopatsidwa ndi Mulungu.

Asadakwanitse zaka 20 adawerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, limene lidamupatsa njala ya nzeru. Adatsegula Baibulo kuti aone ngati nzeruyo ili m'menemo, koma Chilatini chake chidamuonekera chachimidzi, ndipo adalitseka. Adalowa gulu la Amanikeo, otsatira Mani wa ku Persia, nakhalamo zaka 9. Amanikeo ankaphunzitsa kuti kuli mphamvu ziwiri zopanda chiyambi, ya kuwala ndi ya mdima, ndipo munthu ndi bwalo chabe lomenyanirapo ziwirizo. Chipangano Chakale ankachikana, koma Paulo ankamukonda. Mutu 7 wa kwa Aroma, pamene Paulo akudandaula za nkhondo ya mkati mwa munthu wofuna zabwino koma wochita zoipa, iwo ankautenga ngati umboni wawo. Augustino adadzaulula kuti chiphunzitsochi chinkamukomera chifukwa akachimwa ankatha kunena kuti wachimwayo si iye, ndi chinthu china chachilendo chokhala mwa iye. Maganizo otere sadathe ndi Amanikeo. Timawamvabe lero munthu akamenya mkazi wake kapena akadya ndalama za anzake, n'kumati ndi Satana, kapena kuti wina wamulodza.

Mu 383 adapita ku Roma, atanamiza mayi ake padoko kuti akungodikira kutsanzikana ndi mnzake. Chombo chidanyamuka usiku iwo akupemphera m'katchalitchi ka Cyprian Woyera. Chaka chotsatira adapeza ntchito yapamwamba ku Milan, komwe kunkakhala mfumu ya Aroma: mphunzitsi waboma wa luso la kuyankhula, amenenso ankakonza mawu otamanda mfumu pa zikondwerero. Ankapita kutchalitchi kukamvera episkopi Ambrose, poyamba pongofuna kuyeza luso lake, koma pang'onopang'ono ulalikiwo udamuonetsa kuti Chipangano Chakale chingathe kumveka mwanzeru. Monica adamulondola ku Milan ndi kumupezera mtsikana wa banja lodziwika woti akwatire. Mayi wa Adeodatus adabwezedwa ku Africa, mwana n'kutsala ndi bambo ake. Mayiyo adalumbira kuti sadzakhalanso ndi mwamuna wina. Augustino, poona kuti ukwati udikira zaka ziwiri, adatenga mkazi wina wongoyembekezera. Iye mwini adazilemba izi mosabisa, ndipo adati bala lake silidapole msanga. Pa nkhani imeneyi ine ndimaona kuti wolemekezeka ndi mayi uja, amene ngakhale dzina lake Augustino sadalilembe m'buku lililonse.

Ku Milan komweko mabuku a otsatira Plato adamuthandiza kumvetsa kuti Mulungu ndi mzimu, ndiponso kuti choipa sichidalengedwe ndi wina aliyense, ndi kuperewera kwa chabwino. Mabukuwo adamulozera kumene ayenera kupita osamupatsa mphamvu zoyendera. Apa ndi pamene adatenga makalata a Paulo n'kuyamba kuwawerenga mwachidwi, onse bwinobwino. Yaitali koposa mwa makalatawo ndi ya kwa Aroma, ya mitu 16, imene Paulo adailemba ali ku Korinto cha mu 57, kulembera mpingo umene sadauyambitse ndipo adali asadauchezere. Imayamba ndi kuonetsa kuti Ayuda ndi anthu a mitundu ina onse ndi ochimwa, kenako imakamba za chikhulupiriro, za Adamu ndi Khristu, za ubatizo, za Malamulo ndi Mzimu, za kusankhidwa kwa Israele, ndipo kuyambira mutu 12 imatembenukira ku makhalidwe a tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina mu 386 kudabwera mlendo, Ponticianus, wa ku Africa mnzake, wogwira ntchito kunyumba ya mfumu. Adaona buku patebulo la masewera n'kulitenga poganiza kuti ndi la kusukulu, koma adadabwa kupeza kuti ndi Paulo. Adayamba kusimba za Antonio wa ku Ejipito, amene adasiya chuma chake atamva Uthenga Wabwino m'tchalitchi, ndi za antchito awiri a mfumu ku Trier amene adataya maudindo awo atawerenga mbiri ya Antonioyo. Mlendo atapita, Augustino adathawira m'munda wa kuseri kwa nyumba, mnzake Alypius akumutsata. Nzeru zake zidali zitavomera kale. Chimene chinkakanabe ndi chizolowezi, makamaka cha thupi. Adagwa patsinde pa mkuyu akulira. Ali pomwepo adamva mawu a mwana kunyumba yoyandikana, akuimba mobwerezabwereza zoti munthu atenge ndi kuwerenga. Adabwerera pomwe adasiya buku lija, nalitsegula, ndipo maso ake adagwera pa Aroma 13:13-14, pamene Paulo akuletsa kuledzera, dama, ndewu ndi kaduka, ndi kulamula Akhristu kuti avale Khristu. Sadapitirize kuwerenga, popeza kukayika kudali kutatha. Alypius adawerenga ndime yotsatira, yonena za kulandira munthu wofooka m'chikhulupiriro, naitenga ngati yake, ndipo onse awiri adakauza Monica. Ndime zimenezi ifenso timazimva pa Misa ya Lamulungu loyamba la Adiventi m'Chaka A.

Ena amatenga nkhaniyi ngati chilolezo chotsegula Baibulo paliponse, chala n'kuloza, ngati maula. Amaiwala chifukwa chimene bukulo lidapezekera patebulo paja: munthuyu adali akuliwerenga kale kwa nthawi. Ndipo atakhala episkopi adalembera Januarius kuti mchitidwe woombeza ndi masamba a Uthenga Wabwino pa nkhani za pansi pano sukumusangalatsa.

Adasiya ntchito, napita kumudzi wa Cassiciacum ndi mayi ake, mwana wake ndi anzake kukakonzekera. Ambrose adamubatiza pa usiku wa Pasaka, pa 24 April 387, pamodzi ndi Adeodatus ndi Alypius. Chaka chomwecho Monica adamwalira ku Ostia ali ndi zaka 56, akudikira chombo chobwerera kwawo. Mu 388 Augustino adafika ku Thagaste nayamba moyo wa mapemphero ndi kuwerenga pamodzi ndi anzake ochepa. Pasadapite nthawi yaitali Adeodatus adamwalira, asadafike zaka 20.

Mu 391 adapita ku Hippo, mzinda wa padoko umene lero ndi Annaba. Episkopi wa kumeneko, Valerius, Mgriki wokalamba amene Chilatini chinkamuvuta, adauza mpingo kuti akufuna wansembe. Anthu adamugwira Augustino m'tchalitchi momwemo n'kumukankhira kutsogolo, ndipo adadzozedwa akulira. Chinthu choyamba chimene adapempha ndi tchuthi. Adalembera Valerius kuti amupatse kanthawi, mpaka Pasaka, koti aphunzire Malembo, chifukwa adaona kuti zimene ankadziwa zikadamukwanira iye yekha koma sizikadakwanira kuthandiza ena. Wolembayo adali munthu woti adakhalapo mphunzitsi wamkulu mumzinda wa mfumu. Ndikadakonda kalata imeneyi ikadamawerengedwa pa maphunziro a akatekisiti ndi a atsogoleri a miphakati.

Mu August 392 adatsutsana poyera masiku awiri ndi Fortunatus, wansembe wa Amanikeo. Fortunatus adamuponyera Paulo yemweyo, kuphatikizapo Aroma 7. Augustino adayankha kuti unyolo umene Paulo akunena ndi chizolowezi: munthu amayamba tchimo mwaufulu, koma akalibwerezabwereza limasanduka goli. Adapereka chitsanzo cha kulumbira, kumene munthu amakuyamba dala koma pambuyo pake kumangotuluka kokha m'kamwa. Fortunatus adachoka ku Hippo osabwereranso.

Cha mu 394, ali ku Carthage, abale ena amene ankawerenga kalata ya kwa Aroma pamodzi adamufunsa mafunso, ndipo mayankho ake adalembedwa n'kukhala kabuku ka mfundo 84. M'menemo adagawa ulendo wa munthu m'magawo anayi. Poyamba munthu sadziwa Malamulo ndipo amachimwa mtima uli m'malo. Kenako amakhala pansi pa Malamulo: wadziwa chabwino, akulimbana, koma akugonja. Gawo lachitatu ndi la chaulere, chimene mabaibulo ena amati chisomo, pamene nkhondo ikadalipo koma munthu sakugonjanso. Lomaliza ndi mtendere wa pa kuuka kwa akufa. Munthu wodandaula wa m'mutu 7 uja adamuika m'gawo lachiwiri, kuti ndi amene sadalandirebe chaulere.

Adayambanso buku lalikulu lofotokoza kalata yonse ndime ndi ndime. Gawo loyamba lathunthu lidathera pa moni wokha, ndime 7 zoyambirira. Ataona kukula kwa ntchitoyo adachita nayo mantha, n'kuisiya, osaibwereranso. M'buku losathali muli kankhani kokoma. Valerius adamva alimi akucheza m'Chipuniki, chiyankhulo cha kumidzi ya kumeneko, akutchula liwu lomveka ngati la Chilatini lotanthauza chipulumutso. Atafunsa adauzidwa kuti m'chiyankhulo chawo limatanthauza zitatu. Nkhalambayo idakondwa kuti chipulumutso ndi Utatu Woyera zakumana m'kamwa mwa alimi. M'buku lomwelo Augustino adafunsa kuti tchimo lonyoza Mzimu Woyera, losakhululukidwa lija, ndi liti, ndipo adayankha kuti ndi kukakamira m'zoipa munthu atataya mtima kuti Mulungu angamukhululukire.

Mutu umene udamugwira pakhosi ndi wa 9. Paulo akunena kuti Mulungu adasankha Yakobo kusiya Esau ana amapasawo asadabadwe, asadachite chabwino kapena choipa. Mu 394 Augustino adali ndi yankho looneka lokwanira: Mulungu adaoneratu kuti Yakobo adzakhulupirira, ndiye adamusankha chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho. Ntchito zabwino ndi mphatso ya Mzimu Woyera, inde, koma kukhulupirira ndi kwathu. Munthu ndiye amaponda phazi loyamba, Mulungu n'kumuchingamira.

Patangopita zaka ziwiri, atangokhala kumene episkopi, adalandira mafunso kuchokera ku Milan. Wofunsayo adali Simplicianus, wansembe wokalamba amene adamulangiza asadabatizidwe, yemwenso adadzalowa m'malo mwa Ambrose mu 397. Limodzi mwa mafunsowo lidali la Aroma 9:10-29. Augustino adakhala pansi ndi cholinga choteteza yankho lake lakale, koma powerenganso adaona kuti silikulimba. Ngati Mulungu amasankha poona chikhulupiriro chimene munthu adzakhale nacho, n'chiyani chingamuletse kusankha poona ntchito zimene munthu adzachite? Ziwirizo sizisiyana, pomwe Paulo akulimbikira kuti kusankhako kumachokera kwa woitanayo. Padalinso funso la Paulo pa 1 Akorinto 4:7, lofunsa munthu ngati ali ndi kanthu kamene sadachite kulandira. Augustino adavomera kuti ngakhale phazi loyamba lija ndi mphatso. Wokhulupirira ndi munthu ndithu, ndipo amakhulupirira mofuna, koma chimene chimakhudza mtima kuti ufune, kukoma kumene munthu amakumva m'mawu amene dzulo ankawanyoza, sadzipangira yekha. Anthu awiri amakhala pa benchi imodzi, amamva ulaliki umodzi, wina n'kutuluka atasweka mtima, wina akuganiza za ndiwo. Atakalamba adalemba kuti m'buku limeneli adayesetsa kumenyera ufulu wa munthu koma chaulere cha Mulungu chidapambana.

Chimene chimandikhudza apa ndi chakuti palibe amene ankamutsutsa nthawi imeneyo. Sikudali mkangano, ndipo Simplicianus adali bwenzi. Chidamubweza ndi ndime imene adaiwerenga moona mtima ngakhale inkagwetsa zimene adali atalemba, mabuku ali kale m'manja mwa anthu. Mu 397 adayamba buku lake lotchuka la Confessiones, la zigawo 13, lolembedwa ngati pemphero, momwe adayang'ananso moyo wake wonse ndi maso atsopanowa. Adaona kuti ku Carthage, ku Roma ndi ku Milan, pamene iye ankayesa akuyenda mwa nzeru zake, padali wina amene ankamukoka.

Uepiskopi sudamupatse mpata wambiri wowerenga. Ankalalikira pafupipafupi, ankaweruza milandu ya minda ndi chuma chamasiye nthawi zina mpaka tsiku kutha, ndipo zaka zambiri zidapita pa mkangano ndi Adonatisti, amene ankati Mpingo woona ndi wa oyera okhaokha. Poyamba ankakana zoti anthuwo akakamizidwe, koma pambuyo pake adavomereza kuti boma liwaumirize kubwerera, ngakhale ankachonderera kuti pasaphedwe munthu. Ili ndi banga m'mbiri yake, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1965 udaphunzitsa momveka kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo.

Mu August 410 Agoti motsogozedwa ndi Alaric adalowa mu Roma n'kufunkha mzindawo. Pakati pa othawira ku Africa padali Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, ndi wophunzira wake Caelestius. Tisamuone Pelagius ngati munthu woipa. Adali wodziletsa, naye adalemba buku lofotokoza makalata a Paulo, ndipo chinkamuwawa ndi ulesi wa Akhristu olemera a ku Roma. Tsiku lina adamva episkopi wina akutchula pemphero la m'Confessiones, momwe Augustino akupempha Mulungu kuti ayambe wapereka chimene akulamula, ndipo adakwiya poona ngati pempheroli ndi pobisalira alesi. Iye ankaphunzitsa kuti Mulungu salamula zosatheka, kuti tchimo la Adamu limatipweteka mwa chitsanzo choipa chabe, ndipo kuti chaulere ndi ufulu umene tidalengedwa nawo, Malamulo, chitsanzo cha Khristu ndi chikhululukiro cha machimo akale. Zotsalazo ndi khama lako.

Augustino adayankha ndi kalata ya kwa Aroma. Mu 412 adalemba buku la Mzimu ndi lemba, loonetsa kuti Malamulo ndi abwino koma amangoulula matenda kuti munthu afunefune mankhwala. Tingati ali ngati chikwangwani cha pamsewu, chimene chimakuuza kutalika kwa ulendo koma sichikunyamula. Chimene chimasintha munthu ndi chikondi cha Mulungu chothiridwa mumtima ndi Mzimu Woyera, monga akunenera Aroma 5:5, imodzi mwa ndime zimene adazitchula kawirikawiri koposa m'mabuku ndi m'maulaliki ake. Ankafunsanso kuti ngati ana amabadwa osasowa Mpulumutsi, amayi amathamangiranji nawo kutchalitchi akadwala? Pa Aroma 5:12 Chigriki chija chidamusowa: Baibulo lake la Chilatini linkamveka ngati anthu onse adachimwa mwa Adamu, pomwe Chigriki chingamveke kuti imfa idafalikira chifukwa onse adachimwa. Komabe chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo chimatsamira pa gawo lonse la ndime 12 mpaka 21, lofanizira Adamu ndi Khristu. Msonkhano wa aepiskopi ku Carthage mu 418 udatsutsa chiphunzitso cha Pelagius, ndipo Papa Zosimus adavomereza.

Mkati mwa mkangano womwewu, cha mu 420, ali ndi zaka zoposa 65, Augustino adabwezanso mawu kachiwiri, tsopano pa mutu 7. Kwa zaka zambiri adaphunzitsa kuti wodandaula uja ndi munthu wosalandira chaulere. Powerenganso adaona kuti munthuyo akukondwera ndi Malamulo a Mulungu mkati mwa mtima, ndipo adadzifunsa kuti angakondwere nawo ndani ngati si amene chaulere chamukhudza kale. Adavomera kuti wolankhulayo ndi Paulo mwini, mtumwi wobatizidwa. Ubatizo umachotsa mlandu, koma chilakolako chimatsala ndipo nkhondo imafika mpaka kumanda. Izi sizidali zachilendo kwa iye, popeza m'chigawo 10 cha Confessiones, ali kale episkopi, adalemba za mayesero ake a chakudya, a maloto ndi a kukonda kutamandidwa. Mkhristu amene amabwera kokalapa ndi tchimo lomwelija mwezi ndi mwezi, n'kumadzifunsa ngati ubatizo wake udagwira ntchito, adziwe kuti kulimbanako kukusonyeza kuti chaulere chili mwa iye. Amene sakulimbana n'komwe ndiye wofunika kudera nkhawa.

Chiphunzitso chake chidasokonezanso anthu abwino. Cha mu 426 amonke a ku Hadrumetum, lero Sousse m'dziko la Tunisia, adagawanika atawerenga kalata yake ina. Ena adafika ponena kuti ngati zonse ndi chaulere, mkulu wawo asamawadzudzule akalakwa, azingowapempherera. Augustino adalandira amonke amene adabwera ku Hippo, nawasunga ndi kuwaphunzitsa, ndipo adawalembera mabuku awiri. Yankho lake lidali lakuti tchimo ndi la wochimwayo, ndipo chidzudzulo ndi imodzi mwa njira zimene chaulere chimadzera, choncho mkulu adzudzule ndi kupempheranso. Kenako Prosper ndi Hilary adamulembera kuchokera ku Gaul, lero France, kuti amonke a ku Marseille akuvomera chaulere koma akuti kuyamba kukhulupirira ndi kukhalabe m'chikhulupiriro zili m'manja mwa munthu. Augustino adawauza kuti naye adaganizapo choncho ali wansembe, ndipo adawalozera ku yankho lake kwa Simplicianus.

Limodzi mwa mabuku amene adawatumizira, cha mu 429, ndi la mphatso ya kulimbikira mpaka kumapeto. Umboni wake waukulu adautenga m'mapemphero a Mpingo. Potsata Cyprian Woyera, adayenda m'pemphero la Atate Athu pempho ndi pempho, naonetsa kuti pafupifupi lililonse likupempha kuti tikhalebe mu zimene tidalandira, makamaka lija loti tisagwe m'mayesero. Munthu sapempha chinthu chimene chili kale m'thumba mwake. Ngati Mpingo tsiku ndi tsiku umapempherera okhulupirira kuti alimbike, ndiye kuti kulimbikako kumachokera kwa Mulungu. Nanga pa Akhristu awiri abwino, bwanji wina amafika kumapeto wina n'kugwa panjira? Tonsefe tikuwadziwa anzathu amene tidalandira nawo Ulimbitso, oimba bwino m'kwaya, amene lero sapondanso pano. Augustino adakana kuyankha funsoli ndipo adaloza kumapeto kwa Aroma 11, pamene Paulo naye akuimira ndi kungotamanda nzeru zosafufuzika za Mulungu. Adalangiza alaliki kuti asanene izi mwa njira yotayitsa anthu mtima. Aziwauza kuti azipempha mphatsoyo tsiku lililonse, popeza kudalira Mulungu n'kotetezeka kuposa kudzidalira.

Mpingo sudamutsate pa zonse. Mu ukali wa mkangano adayankhula ngati osankhidwa ndi ochepa pakati pa unyinji wotayika, ndipo adaganiza kuti makanda omwalira osabatizidwa amalandira chilango, ngakhale chochepetsetsa. Msonkhano wa ku Orange mu 529 udalandira chiphunzitso chake chakuti chiyambi cha chikhulupiriro ndi chaulere, koma udakana kwathunthu zoti Mulungu adakonzeratu munthu wina kuti achite zoipa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1261, amapereka makanda otere m'manja mwa chifundo cha Mulungu ndi chiyembekezo. Makolo amene mudataya mwana asadabatizidwe, chiphunzitso cha Mpingo ndi chimenecho.

Mu September 426 adasankha wansembe Eraclius kuti adzalowe m'malo mwake, namusiyira milandu ndi ntchito zina, kuti iye apeze nthawi ya Malembo. Adawerenganso mabuku ake 93 limodzi ndi limodzi, akulemba pomwe adalakwitsa ndi pomwe adasintha maganizo. Mu 429 Avandali motsogozedwa ndi Genseric adawoloka kuchokera ku Spain, akuwononga mizinda ndi matchalitchi. Episkopi Honoratus adafunsa ngati abusa angathawe. Augustino adayankha kuti angathawe ngati akusakidwa okha ndipo pali ena otsala kutumikira, kapena ngati mpingo wonse wathawa; apo ayi akhale, chifukwa pa nthawi ya zoopsa ndi pamene anthu amadzaza m'tchalitchi kupempha ubatizo, kulapa ndi Ukaristia. Iye adakhala.

Mu 430 adaniwo adazinga Hippo, mzinda utadzaza ndi othawa nkhondo. Mmodzi wa iwo adali Possidius, episkopi wa ku Calama, mnzake wa zaka pafupifupi 40, amene adadzalemba mbiri yake. Augustino adali akuyankhabe Julian wa ku Eclanum, wotsatira Pelagius, pa nkhani ya Adamu ndi Khristu, ndipo buku limenelo silidathe. M'mwezi wachitatu wa kuzingidwako adadwala malungo. Adapempha kuti amulembere masalimo a kulapa pa mapepala ndi kuwakhoma pakhoma moyang'anana ndi bedi lake, ndipo ankawawerenga akulira. Masiku khumi omaliza adapempha kuti asalowe munthu, kupatula dokotala ndi obweretsa chakudya. Adamwalira pa 28 August 430 ali ndi zaka 75. Sadasiye wilu chifukwa adalibe chuma, koma nthawi zonse ankalamula kuti mabuku a mpingo asungidwe bwino kusungira obwera m'mbuyo. Mzinda udagwa m'manja mwa Avandali, mabukuwo adapulumuka. Mafupa ake lero ali ku Pavia m'dziko la Italy. Buku lija adaliyamba ali wansembe, lofotokoza kalata ya kwa Aroma, lilipobe mpaka lero, ndipo limathera pa ndime 7 ya mutu woyamba.